Nthungululu m'Tchalitchi cha Miyala

Kuno ku Area 25, kuyambira ku Nsungwi mpaka ku Dzenza, palibe mnzanga amene anganene kuti ukwati wa mwana wake sindinapondeko. Ndasenda mbatatesi za maukwati a eni mpaka zala kuchita matuza. Ndatsuka mapoto kuseri kwa maholo, anzanga akuthyola dansi mkati, ndavina perekaniperekani pakati pa mwezi, m'chikwama muli mphepo yokhayokha. Musaganize kuti ndine mngelo, ayi. Kwathu kuno ukavinira mwana wa mnzako umadziwa kuti tsiku lina mnzakoyo adzavinira wako. Ine ndinabereka anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, wotsiriza, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti tsiku lake lenileni ndi la ukwati wa mwana wamkazi. Tsiku limenelo ndi limene ndinkadikira.

Mwanayo anapita ku Norway kukawonjezera maphunziro a unamwino, bambo ake atatisiya kale. Atamaliza anapeza ntchito pachipatala china mumzinda wa kumpoto kwa dzikolo. Tsiku lina pafoni anayamba kuzungulirazungulira, mpaka ndinamudula kuti, “Iwe, mayunitsi akutha, tanena za mwamunayo.” Anaseka n'kuulula kuti ndi mzungu wakomweko, mphunzitsi ngati mmene ndinalili ine ndisanapume pantchito. Ine sindinavute. Ndinangoti bola akhale wopemphera, ndipo alowere pakhomo: ankhoswe adziwane, chinkhoswe chichitike, ukwati udalitsidwe m'tchalitchi chathu momwe mwanayo anabatizidwira. Anavomera zonse. Tinapangana kuti zidzachitike mu Disembala wa chaka chotsatira.

Komiti ya ukwati tinaikhazikitsa msanga, ndipo wapampando wa amayi anali mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, amene ali ndi shopu ya zitenje ku Nsungwi. Ine ndi iyeyo timafanana moti anthu amandiimitsa pamsika n'kumandifunsa mtengo wa nsalu. Mpata wa mano womwewo, chipumi chomwecho, kayendedwe komweko. Kusiyana kwake n'koti iye ndi woyendayenda, pasipoti yake ndi yodzaza ndi zidindo za ku Joni ndi ku Dar es Salaam, pamene ine ndinali ndisanatulukepo m'dziko muno. Nsalu ya ukwati anasankha ndi iye, yobiriwira ya maluwa achikasu, ndipo amayi a kutchalitchi ndi aphunzitsi anzanga anaigula molimbirana. Ena anali atasoketsa kale.

Chaka cha ukwati chitalowa, mtima unayamba kundivuta. Ndinauza mwana kuti sindingapereke mwana wanga kwa munthu amene ndimangomuona nkhope pafoni, ndikufuna ndikamuone maso ndi maso, ndikaonenso kumene akukhala. Anazengereza, ine n'kukakamira, mpaka anatumiza tikiti. Amene anatsutsa kwambiri ulendowu anali mng'ono wanga. “Achemwali, kumeneko ati kumazizira koopsa, ndi BP yanuyi mukafera chiyani? Akubwera okha mu Disembala.” Ine ndinkangoti ndi nsanje ya pachibale, poti nthawi ino wokwera ndege ndinali ine.

Ndinafika nthawi imene eni ake amati ndi yotentha, koma ine juzi sindinavule. Dzuwa lakumeneko silidziwa kulowa, umagona kunja kuli mbee. Mnyamatayo ndinamuona: wamtali, wofatsa, anandipatsa moni ndi manja awiri n'kunena “Muli bwanji Amayi” m'Chichewa chopotoka. Ankabwera kudzadya nafe, akatsuka mbale n'kutsanzika kuti akupita kwa makolo ake kumene amagona. Mumtima ndinkadzitama kuti taonani, ngakhale kuno kwa azungu mwana wanga akusunga mwambo. Ndinalembera amayi a m'komiti pafoni kuti mkamwini ndamuona, ndi munthu, konzekani kuvina.

Pawindo la chipinda chomwe ndinkagona pankaonekera nsanja ya tchalitchi chachikulu, yosongoka, yobiriwira, itatumphukira pamwamba pa nyumba zonse kutsidya kwa mtsinje. Kulikonse kumene tinkapita mumzindamo nsanja ija inkaoneka. Ndinafunsa, ndipo mnyamata anandiuza kuti tchalitchicho chinamangidwa zaka mazanamazana zapitazo, kwathu kuno kusanamveke n'komwe belu la tchalitchi, ndiponso kuti anthu amayenda wapansi maulendo ataliatali kudzapempheramo. Ine ndinati basi, ndisanabwerere ndikalowemo. Koma mwana wanga tsiku lililonse anali ndi chifukwa. Lero ali pantchito, mawa kukudzaza alendo, mkuja ati pakhomo amalipiritsa. Tsiku lina m'mawa ndinavala jekete yanga yochindikala n'kumuuza kuti, “Iwe khala, nsanjayo ndikuiona, sindingasochere.” Anadzuka msangamsanga n'kunditsatira.

Abale inu, zinthu zina munthu umafunika kuziona wekha. Khoma lakumaso kwake ndi lodzaza ndi ziboliboli za miyala, mizeremizere kukwera m'mwamba, aneneri, atumwi, mafumu, aliyense ali chilili m'kachipinda kake. Ife a mpingo wathu ziboliboli sitinazizolowere, koma ndinaima kukamwa kuli yasa. M'mphepete mwa denga munali tizilombo tamiyala totulutsa malilime, ndipo ndinafunsa mwana kuti zimenezi zikufuna chiyani panyumba ya Mulungu. Anangoti ndi zotayira madzi a mvula, maso ali kwina.

Titalowa, kunja konse kunangoti zii. Mkati munali mdima wozizira, kafungo ka mwala wonyowa ndi makandulo. Zipilala zake ndi zonenepa, zotuwa, zimakwera n'kukwera mpaka kukakumana pamwamba mosongoka ngati manja a munthu wopemphera. Khosi linandiwawa ndi kuyang'ana denga. Kumbuyo kwathu, pamwamba pa khomo, kunali windo lalikulu lozungulira la magalasi ofiira ndi abuluu, ndipo kuwala kwake kunkagwera pansi pamiyala yosalala ndi mapazi a anthu amene anafa kalekale. Ndinaganiza za tchalitchi chathu cha malata, chimene mvula ikamagwa abusa amachita kukuwa, koma anthu amadzaza mpaka ena kukhala panja. Muno malo onsewa munali alendo ojambula zithunzi, akuyankhula monong'ona. Ngakhale zinali choncho mtima wanga unagwidwa, ndinamva kuti ndine kanthu kakang'ono, ndipo ndinapemphera chamumtima kuthokoza kuti ine, mphunzitsi wa Sitandade 2, ndafika pamalo ngati amenewa.

Ndinakodola mwana n'kumunong'oneza mwanthabwala kuti, “Ukwati wa muno ungakome ndithu, koma nanga munthu ungavinire pati, kuzizira konseku?” Sanaseke. Anandigwira mkono n'kunena kuti tizipita, khofi atizizirira kunyumba. Khofi wake uti, poti sitinasiye khofi pamoto?

Tikutembenuka, kunabwera mayi wina wachikulire wa imvi, atavala mkanjo wofiira wa anthu olondolera alendo m'tchalitchimo. Anandiyang'anitsitsa, nkhope yake n'kuwala, ndipo anandigwira manja onse awiri ngati mnzanga wakalekale. Anayankhula Chingerezi chosavuta kumva.

“Mwabweranso! Ndakuzindikirani, ndinu mayi a mkwatibwi uja!”

Ndinacheuka kuti mwina akunena wina kumbuyo kwanga. Kunalibe munthu. Mayi uja anaika dzanja pakamwa n'kuyesa kuimba nthungululu, kamawu kakang'ono konjenjemera, lu-lu-lu, kenaka n'kudziseka yekha.

“Chiyambireni ntchito muno sindinamvepo zoterezi,” anatero. “Atangowadalitsa, inu munaimirira n'kukuwa chonchi, mawu anu anazungulira denga lonseli, woimba limba mpaka anasokonezeka. Ndimauzabe alendo mpaka lero.” Kenaka anatembenukira kwa mwana wanga. “Amuna anu ali bwanji?”

Ndinafunsa kuti, “Mayi, mukunena ukwati uti?”

“Wa mwana wanuyu, chaka chatha, kuzizira kutangoyamba. Munakhala pampando uwo, wakutsogolowo.”

Chaka chatha nthawi imeneyo mng'ono wanga anatsanzika kuti akupita ku Dar kukaoda nsalu. Anakhalako nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndipo ine ndi amene ndinkakhala pashopu yake ku Nsungwi, kumugulitsira zitenje ndi kumuphikira ana ake. Anabwerako ndi katundu wochepa, ati katundu wina anamulanda pachipata cholowera m'dziko, ine mpaka ndinamupepesa. Anandibweretsera mphatso ya jekete yochindikala, ine n'kumaseka kuti ku Dar kotentha kuja jekete ngati imeneyi waipeza kuti. Jekete yake inali yomweyo imene ndinavala tsikulo.

Ndinayang'ana mwana wanga. Sanakane, anangoweramitsa mutu. Ndinauza mayi wa mkanjo wofiira kuti, “Amene munamuonayo si ine, ndi mng'ono wanga. Ine ndine amene ndinabereka mwanayu.” Nkhope yake inafiira, anapepesa kangapo, n'kuchoka chammbuyo. Iye analibe mlandu, anangonena zimene anaona.

Ndinakhala pampando womwe unali pafupi. Mwana anagwada pamwala wozizira uja n'kundigwira maondo.

“Amayi, ndikufotokozereni.”

“Fotokoza. Ndipo usanong'one, poti eni tchalitchi akudziwa kale, wosadziwa ndinali ine ndekha.”

Anati chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinali pafupi kutha, ntchito inali isanakhazikike, ndipo njira yachangu inali yoti akwatirane msanga. Makolo a mnyamata anafunitsitsa kuti ukwati udalitsidwe m'tchalitchi chimenechi, komanso kuti pakhale munthu wa kuchikazi. “Ndinadziwa kuti inu mukana, Amayi. Mukanati tidikire ankhoswe, tidikire chinkhoswe, tidikire Disembala. Amayi aang'ono anali kale ndi pasipoti, ndiye anati apita ndi iwo, inu tisakuvutitseni.”

“Musandivutitse? Ukwati wa mwana wanga ndi vuto kwa ine?”

“Tinati wa Disembala udzachitikabe, palibe akanadziwa. Inu mukanavina bwinobwino.”

Ndiye kuti anakhala pansi, iye, mwamuna wake ndi mng'ono wanga, n'kupangana kuti andiimike pamaso pa abusa ndi mpingo wonse, ndilengezetse ukwati wa anthu okwatirana kale, ndivale nsalu yobiriwira, ndivine ngati chitsiru, iwo akutsinana kuti taonani gogoyu akusangalala. Mnyamata kumanyamuka madzulo aliwonse kukagona kwa makolo ake, kusiya nyumba yakeyake, kuti sewero liyende bwino. Mng'ono wanga kumakhala pakhonde panga Loweruka lililonse, kumatsogolera zokambirana za keke ndi holo, kumwa tiyi wanga, osaphethira n'komwe.

Ndinamuuza kuti, “Kukana ndikanakana, inde. Ndikanakalipa sabata yathunthu, foni ndikanakudulira. Kenaka ndikanapita kukafola pamzere wa pasipoti, chifukwa ndiwe mwana wanga. Iwe sunandipatse mpata ngakhale wokalipa.”

Anayankha akulira kuti, “Koma nawonso ndi amayi anga, munandiphunzitsa ndinu kuti ndiziwatchula choncho.”

Asa! Ndinaimirira. Zoona mwambo wathu umatero, mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, ndipo mayi akamwalira kapena akadwala iye ndi amene amaima m'malo mwake. Koma ine ndinali moyo, ndili bwinobwino, ndikuyeza mayadi a zitenje pashopu ya mwini wake. Anandiika m'gulu la akufa ndikupuma. Ndinavula jekete ija n'kuisiya pampando pomwepo, ndipo ndinatuluka m'tchalitchimo ndi juzi yokha. Mphepo ya kumtsinje inandilasa mpaka m'mafupa, mwana akunditsatira pambuyo ndi jekete m'manja, koma sindinailandire.

Madzulo ake mnyamata atabwera ndi moni wake wa manja awiri, ndinamuuza m'Chingerezi changa cha kusukulu kuti akatenge zovala zake abwerere m'nyumba mwake, sewero latha. Anagwetsa misozi, anapepesa, anati iye ankafuna kundiuza kuyambira pachiyambi. Mwina ankanena zoona, sindikudziwa. Mwana anabwera ndi foni kuti andionetse zithunzi za tsikulo, ine ndinakana. Masiku otsalawo ndinkadya, kuyankha moni, n'kukakhala m'chipinda makatani ali otseka kuti nsanja ija ndisaione.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinayambira kwa abusa, katundu ndisanamasule bwinobwino. Ndinawauza zonse. Anapukusa mutu n'kunena kuti ukwati sumangidwa kawiri, koma ngati ndikufuna, ana akabwera titha kuchita mapemphero othokoza ndi kaphwando. Ndinawathokoza, koma ndinati miyendo yovinira ndilibe.

Loweruka amayi a m'komiti anasonkhana pakhonde panga monga mwa masiku onse, akusekerera, akufuna kumva za kwa azungu. Mng'ono wanga anali atamva kale pafoni, komabe anabwera, anakhala kumapeto kwa mkeka atafunda chitenje kumutu. Sindinazungulire. Ndinati, “Amayi, ukwati kulibe. Unachitika kale chaka chatha ku Norway. Amene anakaimira ine ndi wapampando wathu ali apoyo, mumufunse mmene zinayendera.” Mayi wina wa ku Kawale, mnzanga wa kalekale wa kusukulu, anayesa kundinyengerera kuti tingochitabe phwando, anthu asoketsa kale, zamkatizi adziwa ndani. Ndinamuyankha kuti ndidziwa ine. Mng'ono wanga anadzuka mwakachetechete n'kutuluka pageti, osatsanzika.

Nkhani inayenda Area 25 yense tsiku lomwelo. Ena ankati ndine wouma mtima, ana amasiku ano ndi otero, ndikanangomeza. Ena ankandimvera chisoni mokweza kuti ndimve. Nsalu yobiriwira ija anthu sakanaitaya, ndiye anayamba kuivala kumaukwati a ena, kumsika, ngakhale kumaliro. Ndinkati ndikakwera minibasi yopita m'tauni, n'kupeza mayi wakhala kutsogolo kwanga atavala maluwa achikasu a ukwati wa mwana wanga. Disembala anafika n'kudutsa. Mwana ankaimba foni Lamulungu lililonse, ine ndinkayankha, tinkakamba za mvula ndi za kuthima kwa magetsi.

Ndi mng'ono wanga sitinayankhulane kwa miyezi. Anatumiza atsibweni athu kudzapepesa, ine ndinawaphikira tiyi n'kuwaperekeza. Kutchalitchi iye ankakhala mbali ina, ine ina. Kumsika wa Nsungwi ndinkazungulira njira ya kuzigayo kuti ndisadutse pashopu pake.

Koma pali chinthu chimene chinkandidya, ndipo ukali sunkachithetsa. Sindinkadziwa kuti mwana wanga anaoneka bwanji tsiku limenelo. Zithunzi ndinazikana, ndipo kuzipempha tsopano kunali ngati kuvomereza kuti zatha. Tchalitchi ndinachiona, zipilala, windo lija, mpando wakutsogolo uja, moti ndikatseka maso malo onse ndinkawaona bwinobwino, koma pakati pake panalibe munthu. M'Malawi muno munali munthu mmodzi yekha amene anaona.

Tsiku lina masana ndikuchokera kogula tomato, miyendo inanditengera pashopu paja. Ndinamupeza akupinda nsalu. Atandiona anasiya, n'kukoka mpando.

“Achemwali, khalani pansi.”

“Sindikhala. Ndipo sindinabwere kudzakhululuka, usayambe kulira. Ndikufuna undiuze zimene unaona. Anavala chiyani?”

Anayankha maso ali pansi kuti diresi loyera lalitali la manja aatali, lopanda zokongoletsa zambiri, ndi maluwa oyera m'manja. Tsitsi anamuluka ndi iye usiku wake, poti kumeneko kunalibe wodziwa kuluka tsitsi lathu.

“Analowa ndi ndani?”

“Ndi ine. Ndinamugwira mkono kuyambira pakhomo.”

“Anthu analipo?”

“Ochepa, achemwali, a kuchimuna ndi anzake a kuntchito. Mipando yambiri inali yopanda anthu. N'chifukwa chake ndinaimba nthungululu, kunali zii ngati pamaliro.”

Ndinafinya jumbo ya tomato mpaka wina anaphulika. Panabwera mayi wofuna kugula chitenje, anatiyang'ana tonse awiri, n'kubwerera osafunsa mtengo.

“Analira?”

“Analira. Titafika pakhomo anaima, anati sangalowe inu palibe, akufuna akuimbireni foni pomwepo akuuzeni zonse.”

“Ndiye?”

Mng'ono wanga anasisita nsalu yomwe inali patebulo.

“Ndinamulanda foniyo. Ndinamuuza kuti anthu akudikira, zikatha tidzakonza.”

Ndinamuyang'ana nkhope ija, chipumi changa, mpata wa mano wanga. Ndinangomufunsa kuti tsiku limenelo, nthawi imeneyo, kuno inali nthawi yanji. Anati chakumasana, Loweruka. Loweruka masana ine ndinkakhala pampando womwe anandikokerawo, foni ili pachifuwa m'kachikwama, kudikira kuti mwina mng'ono wanga aimba kuchokera ku Dar.

Ndinanyamula tomato wanga n'kumapita. Mwana ndinamuimbira ndekha madzulo ake, koyamba chibwerereni, ndipo ndinamuuza kuti atumize zithunzi zija. Pashopu paja sindinapondeponso.